Mitengo ya ku Hyde Park ndi Malamulo a Omanga

M'caka ca 1850 akuluakulu a ku London anapangana kumanga nyumba yaikuru ya cionetsero m'munda wa Hyde Park. Mmisiri amene anajambula nyumbayo anali Joseph Paxton, munthu wozolowera nchito ya m'minda, ndipo anafuna kuimanga ndi zitsulo ndi magalasi. Koma pamalopo panali mitengo ikuluikulu yochedwa elm. Anthu atamva kuti idzagwetsedwa anadandaula kwambiri, ndipo Colonel Sibthorp anautsa mkangano m'Nyumba ya Malamulo.

Pamenepo amisiri anasintha maganizo. Pakati pa nyumbayo anakweza denga lokhota ngati uta, lotalika kupitirira mapazi 100, kuti mitengo ikhale m'kati. Cionetsero citatsegulidwa pa 1 May 1851, alendo anaona mitengo yamoyo iri ciimire pansi pa magalasi. Ambiri anati mbali imeneyo ndiyo inakongoletsa nyumba yonse ya Crystal Palace.

Mitengo ija inapulumuka cifukwa ca phokoso la anthu, osati cifukwa ca lamulo. Malamulo anabwera mocedwa. La 1947 linalimbitsa mphamvu ya makhonsolo kulemba kalata yochinjiriza mtengo, kotero kuti ngakhale mwini malo sangaudule kapena kuusadza wosapempha cilolezo. La 1967 linaonjeza kuti khonsolo, pololeza munthu kumanga, iyenera kuganiziranso za mitengo ya pamalopo.

Komabe nkhwangwa sindiyo mdani yekha wa mtengo. Mizu yambiri siipita pansi kwenikweni. Imayanza m'mbali, pafupi ndi pamwamba pa nthaka. Malole olemera akamapondaponda pamenepo dothi limagwirana, ndipo madzi ndi mpweya sizilowanso. Okumba ngalande za mipope amadula mizu osadziwa. Mtengo wotere suuma msanga ai. Umayamba kufota patapita zaka zingapo, omanga atacoka kale, ndipo mwini nyumba amangodabwa.

Cifukwa ca ici, malangizo a ku Britain ochedwa BS 5837, monga anakonzedwa mu 2012, anaika muyeso. Ayambe ayesa kukula kwa thunthu modutsa pakati, nacurukitsa ka 12. Thunthu likakhala la mapazi 2, mpanda uime mapazi 24 kucokera pamtengo, ndipo uzikidwe nchito isanayambe. M'kati mwa mpandawo saloledwa kukumba, kuunjika njerwa, kusakaniza simenti kapena kusonkha moto.