Chithandizo cha kuchipatala kwa anthu opeza zochepa: mmene dongosolo lilili kwa Simlemba, m'boma la Kasungu

Dziko la Malawi lilibe inshulansi ya boma ya zaumoyo imene nzika iliyonse imalembetsako n'kumasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. M'malo mwake, boma limalipirira ntchito za m'zipatala zake pogwiritsa ntchito misonkho komanso thandizo la maiko ndi mabungwe akunja, ndipo wodwala salipira akafika pakhomo la chipatala cha boma. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, limaika chisamaliro chokwanira cha zaumoyo pakati pa zolinga zimene boma liyenera kutsata. Motero mlimi wa m'dera la mfumu yaikulu Simlemba safunsidwa khadi la inshulansi pa chipatala chaching'ono cha kwawo. Chimene amafunika kunyamula ndi buku lake la kuchipatala, mmene mumalembedwa mbiri ya matenda ake ndi mankhwala amene analandira kale.

Chithandizo chaulere

Kuyambira mu 2004, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukutsata mndandanda wa chithandizo chofunika kwambiri chimene chiyenera kuperekedwa kwaulere. M'menemo muli malungo, chibayo, kutsekula m'mimba, chifuwa chachikulu, kunyentchera kwa ana, katemera, sikelo ya amayi oyembekezera, kubereka, kulera, kuyezetsa magazi ndi mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV, amene anayamba kuperekedwa kwaulere m'chaka chomwecho. Ndondomeko yachitatu ya unduna, ya zaka za 2023 mpaka 2030, inasunga mfundo imeneyi.

Chithandizochi chili ndi makwerero ake. Kumidzi yakutali kuli alangizi a zaumoyo, ndipo ena mwa iwo amayendetsa tizipatala ta m'mudzi tothandiza ana osakwana zaka zisanu akadwala malungo, chibayo kapena kutsekula m'mimba. Pamwamba pawo pali chipatala chaching'ono. Matenda akakula, wodwala amalemberedwa kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu cha pa boma la Kasungu, ndipo kukalephereka kumeneko amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kalatayi si yoipeputsa: wodumpha makwererowa n'kupita yekha ku chipatala chachikulu, pamene matenda ake si adzidzidzi, akhoza kubwezedwa.

Zipatala za mishoni

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, lomwe linayamba mu 1966, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. M'boma la Kasungu muli chipatala cha Nkhamenya cha mpingo wa Katolika ndi cha St Andrew's ku Mtunthama cha mpingo wa Anglican. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatala zotere, koma zipatalazo zimalipiritsabe odwala kuti zigule mankhwala ndi kuyendetsa ntchito zina.

Pofuna kuti munthu wosauka asabwerere pakhomo chifukwa chosowa ndalama, kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma akhala akusainirana mapangano ndi zipatala za mishoni za m'madera amene chipatala cha boma chili kutali. Pa pangano lotere, wodwala amathandizidwa kwaulere ndipo chipatala chimatumiza bilu ku boma. Komatu panganolo silikhudza matenda onse. Kawirikawiri limakhudza amayi oyembekezera, kubereka ndi ana obadwa kumene. M'malo ena limafikanso kwa ana osakwana zaka zisanu. Bambo wothyoka mwendo pogwa pa chigafa akhoza kulipira pa chipatala chomwecho pamene mkazi wake wachira kwaulere. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsiratu kwa mkulu wa chipatala kapena kwa a komiti ya chipatala za chimene chili m'pangano la chaka chimenecho. Zadziwikanso kuti boma likachedwa kubweza ndalama, zipatala zina zimaimitsa kaye chithandizo chaulere, ndipo amene amavutika koyamba ndi mayi wapakati.

Ndalama zimene zimaonongekabe

Kusalipira pakhomo sikutanthauza kuti kudwala kulibe mtengo. Pali ndalama ya kabaza kapena njinga yamoto, chakudya cha wodwazika matenda, masiku otayika kumunda, ndiponso mankhwala ogula ku famase pamene m'chipatala atha. M'madera a fodya vutoli limakula chifukwa cha kalendala ya mbewuyi. Ndalama imabwera fodya akagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo, kuyambira cha mu Epulo, pamene malungo amavuta kwambiri mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene nkhokwe zapepuka, misewu yafumbi yasanduka matope, ndipo banja lonse lili pa ntchito yothyola ndi kusoka fodya. Ndi m'miyezi imeneyi mmene mabanja amagulitsa mbuzi motchipa kapena kulowa m'katapila. Magulu a banki m'khonde amene amasunga kathumba kapadera ka zadzidzidzi amachita, mwa njira yawoyawo, ntchito imene inshulansi imachita kwina. Nawo maanja ovutikitsitsa, opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, amathandizidwa ndi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006. Ndalamayi si yachipatala, koma imathandiza pa ulendo wopita kumeneko.

Ogwira ntchito m'maesiteti ali ndi chitetezo china m'malamulo. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata anayi pa malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, akaonetsa kalata ya kuchipatala. Wovulala pa ntchito amayenera chipukuta misozi motsata lamulo lina la chaka chomwecho. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa matenanti, kutanthauza kuti wolima fodya wa mwini esiteti ayenera kutengedwa ngati wantchito wolandira malipiro.

Nkhani ya inshulansi

Inshulansi ya zaumoyo imene ilipo m'dziko muno ndi ya mabungwe omwe si aboma, monga MASM, ndipo ambiri amene ali mmenemo ndi apantchito zolembedwa a m'tauni. Maiko ena anatsata njira ina. Ghana inakhazikitsa inshulansi ya dziko lonse mu 2003, ndipo Zambia inakhazikitsa lamulo lake mu 2018, limene limadula gawo limodzi mwa magawo 100 a malipiro a wantchito, bwana wake n'kuonjezerapo gawo lofanana nalo. Njira yotere imayenda mosavuta pamene pali malipiro a pamwezi oti adulidwe. Kwa mlimi wa kwa Simlemba, amene amagwira ndalama yooneka kamodzi pa chaka, funso la mmene angasonkhere ndi lovuta, ndipo ndondomeko iliyonse ya mtsogolo iyenera kuliyankha isanamupemphe kanthu.

Kofunsa ndi kodandaula

Malangizo a zaumoyo amapezeka kwaulere kudzera pa Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano ili m'manja mwa unduna. Munthu amene wauzidwa kuti alipire chithandizo chaulere, kapena kugula mankhwala a boma kwa wogwira ntchito pa chipatala, akanene kwa a komiti ya chipatalacho, kwa ofesala wolandira madandaulo amene unduna unayamba kuika m'zipatala mu 2018, kapena ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo ya Kasungu. Pa chipatala cha mishoni, wolipira aliyense ayenera kulandira lisiti ndi kulisunga.