Boma Likalowerera pa Kayendetsedwe ka Kopaletivi: Ufulu Wanu Wopereka Mbali Yanu

Kopaletivi ndi ya mamembala. Ndinu amene mumagula masheya, kusankha komiti ndi kugwirizana za malonda a mbewu zanu. Komabe kopaletivi yolembetsedwa imayang'aniridwa ndi boma, ndipo zinthu zikasokonekera akuluakulu a boma akhoza kulowererapo. Nthawi zina kulowerera kumeneku kumafika pochotsa mphamvu m'manja mwa komiti yomwe munasankha. Boma lili ndi udindo woteteza chuma cha mamembala, koma lisanagamule liyenera kukuuzani chomwe chalakwika, kumva mbali yanu ndi kupereka zifukwa zake polemba.

Amene amayang'anira makopaletivi

Makopaletivi a alimi, monga a mkaka, khofi, mpunga, soya ndi mtedza, amalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la chaka cha 1998. Amene amawalembetsa ndi Registrar wa makopaletivi, yemwe ofesi yake ili ku unduna woona za malonda. Iye ali ndi mphamvu zofufuza momwe kopaletivi ikuyendera, kuona mabuku ake a chuma, ngakhalenso kuifafaniza m'kaundula.

Ma SACCO ali ndi lamulo lawolawo la chaka cha 2011, ndipo amayang'aniridwa ndi Registrar wa mabungwe a zachuma, yemwe ndi Gavanala wa banki yaikulu ya Reserve. SACCO ikakhala pa chiopsezo choti ndalama za osunga zitayika, iye akhoza kuika munthu wina kuti aiyendetse m'malo mwa bodi.

Zomwe zimachititsa boma kulowerera kawirikawiri ndi kusowa kwa ndalama kapena katundu, mabuku osalembedwa bwino, kusachititsa msonkhano waukulu wa pachaka, komiti yokakamira pampando nthawi yake itatha, ndi mikangano yoimitsa ntchito.

Gwero la ufulu wanu

Ufuluwu uli m'gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi a chaka cha 1994. Gawoli likunena zinthu ziwiri. Choyamba, chiganizo chilichonse cha ofesi ya boma chokhudza ufulu kapena zofuna za munthu chiyenera kukhala chololedwa ndi lamulo, chotsata ndondomeko yachilungamo, ndiponso chogwirizana ndi zifukwa zomwe zaperekedwa. Chachiwiri, munthu wokhudzidwayo ayenera kupatsidwa zifukwazo polemba. Gawo 41 limapatsanso munthu aliyense ufulu wokadandaula ku khoti.

Kuchotsedwa mu komiti si nkhani yaing'ono. Mbiri ya munthu imaipa m'mudzi, ndipo mamembala amalandidwa atsogoleri omwe anawasankha okha. N'chifukwa chake gawo 43 limagwira ntchito pa nkhani zotere.

Zoyenera kuchitika chigamulo chisanaperekedwe

1. Kudziwitsidwa. Komiti iuzidwe momveka bwino zomwe ikuganiziridwa kuti yalakwa. Mawu akuti "simukuyendetsa bwino zinthu" ndi osakwanira. Kalata inene ndalama zake, katundu wake kapena lamulo lomwe laphwanyidwa.
2. Kuona umboni. Ngati nkhani yachokera ku lipoti la ofufuza kapena la owerengera chuma, pemphani kuti muone zomwe zikukukhudzani. Simungayankhe zomwe simunazione.
3. Nthawi yokwanira yokonzekera. Kuitanidwa lero kuti mukayankhe mawa pa mabuku a zaka zitatu si chilungamo. Ngati nthawi yachepa, lembani kalata yopempha masiku ena.
4. Kupereka mbali yanu. Mutha kuyankha polemba kapena pamaso, malinga ndi momwe ofesiyo yakonzera. Bweretsani malisiti, mabuku ndi mboni.
5. Wogamula wosakondera. Munthu amene ali ndi chibale, ngongole kapena malonda ndi mbali imodzi sayenera kuweruza nkhaniyo.
6. Zifukwa zolembedwa. Chigamulo chifike m'kalata yofotokoza chifukwa chake.

Tiyerekeze kuti buku la ku nyumba yosungira mbewu likuonetsa matumba 200 a soya, koma ofufuza apeza 170. Atha kuganiza kuti matumba 30 abedwa. Mwina ndi zoona. Mwinanso matumbawo anapita kwa wogula pa ngongole ndipo chikalata chake chili ndi mlembi, kapena soya anapepuka atauma ndi kupetedwa. Choona chimadziwika pokhapokha osunga katunduyo atafunsidwa.

Pakakhala changu

Pali nthawi zina pomwe kudikira kungapereke mpata woti ndalama zichotsedwe ku banki kapena mabuku awotchedwe. Zikatero woyang'anira akhoza kuchitapo kanthu msanga kuti ateteze chuma, malinga ngati lamulo likumulola. Koma changu sichifafaniza ufulu wanu. Muyenera kuuzidwa zifukwa ndi kupatsidwa mwayi woyankha mosachedwa.

Ufuluwu si chobisalira

Kumvedwa sikutanthauza kuti mlandu watha. Komiti ikapatsidwa mwayi koma osayankha, kapena kuzemba misonkhano, chigamulo chikhoza kuperekedwa iyo kulibe. Amene wadya ndalama za alimi anzake atha kuuzidwa kuti abweze komanso kukayankha mlandu ku khoti. Kutsata ndondomeko kumathandizanso mamembala omwe anadandaula, chifukwa chigamulo choperekedwa mwachidule chikhoza kuthetsedwa ku khoti, nkhani n'kuyambiranso.

Kopaletivi imakhalabe yanu

Kusintha kwa oyendetsa sikusamutsa umwini. Kopaletivi yolembetsedwa imaima payokha pamaso pa lamulo. Nyumba yosungira mbewu, chigayo, thanki yoziziritsira mkaka ndi ndalama za ku banki ndi za kopaletivi, osati za komiti kapena za munthu amene waikidwa kuti ayendetse. Inu mamembala funsani mafunso awa:

- Kodi munthuyu waikidwa ndi yani, ndipo kalata yake ili kuti?
- Wapatsidwa mphamvu zotani, kwa nthawi yaitali bwanji?
- Malipiro ake achokera kuti?
- Adzapereka liti lipoti kwa mamembala?
- Chisankho cha komiti yatsopano chidzachitika liti?

Tsiku lopatsirana ntchito, werengani katundu yense pamodzi. Lembani matumba, zipangizo, mabuku, makiyi ndi ndalama zotsala, ndipo mbali zonse zisayine. Aliyense asunge pepala lake.

Mukalandira kalata

- Lembani tsiku lomwe mwailandira ndipo muijambulitse.
- Itanitsani msonkhano wa komiti, kenaka dziwitsani mamembala onse. Kubisa kalata kumabala mphekesera.
- Werengani malamulo a kopaletivi yanu kuti muone zomwe akunena pa nkhani yochotsa atsogoleri.
- Yankhani mfundo iliyonse payokha, mwaulemu, tsiku lomwe mwapatsidwa lisanadutse.
- Amene walandira yankho lanu asayine kapena adinde chidindo pa pepala lomwe mutsale nalo.
- Musafufute, kung'amba kapena kulembanso mabuku. Musatseke ofesi kapena kuopseza ofufuza.

Kokadandaula

Yambani ndi ofesi yomwe yapereka chigamulo. Pemphani zifukwa polemba, ndipo funsani ngati pali njira yochitira apilo ndi masiku ake. Alangizi a zaulimi ndi ofesala wa zamalonda ku khonsolo ya boma lanu atha kukuthandizani kumvetsa kalatayo.

Ofesi ya Ombudsman imafufuza kwaulere madandaulo a anthu omwe sanachitiridwe chilungamo ndi maofesi a boma. Bungwe la Legal Aid Bureau limathandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Onsewa ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu.

Bwalo lalikulu la milandu lili ndi mphamvu younikanso ziganizo za maofesi a boma. Khoti limaona makamaka ngati wogamulayo anali ndi mphamvu zotero, ngati anamva mbali zonse, ndiponso ngati zifukwa zake ndi zomveka. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma pa nkhani iyi nthawi ndi yowerengeka: pempho liyenera kufika ku khoti mwamsanga, miyezi itatu isanathe chiperekedwere chigamulo.

Konzekeranitu

Mwayi wolankhula umapindula mukakhala ndi umboni m'manja. Lembani zokambirana za msonkhano uliwonse ndipo wapampando ndi mlembi azisayina. Perekani lisiti pa ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Mabuku aziwunikidwa chaka chilichonse, ndipo lipoti lake liziwerengedwa pa msonkhano waukulu. Chititsani zisankho pa nthawi yake. Inu alimi otsogolera, kambiranani mfundozi ndi makalabu anu nyengo yogulitsa mbewu isanafike, chifukwa mikangano yambiri imabuka ndalama zikayamba kulowa.