Satifiketi ya oyendetsa chuma cha mpingo: chiyambi chake ndi zomwe imatsimikiza

Satifiketi ya oyendetsa chuma cha mpingo ndi chikalata chomwe chimaperekedwa kwa munthu amene waphunzira ndi kuonetsa luso pa ntchito yosamala ndalama, katundu ndi antchito a mpingo. Mchitidwe wopereka zikalata zotere unakhazikika kwambiri m'dziko la America, komwe mipingo ikuluikulu imalemba munthu wapadera woyang'anira ntchitozi pofuna kuti abusa atsale ndi udindo wolalikira ndi kuweta nkhosa. Satifiketiyi si chiphaso cha boma ayi. Imaperekedwa ndi mabungwe a anthu ogwira ntchitoyi kapena ndi malikulu a mipingo, ndipo munthu amaitenga mwa kufuna kwake.

Ntchito ya woyendetsa chuma

Woyendetsa chuma cha mpingo amasiyana ndi msungichuma wosankhidwa ndi akhristu, yemwe kawirikawiri amagwira ntchitoyo mongodzipereka pa nthawi yake yopuma. Iye ndi wolembedwa ntchito ndipo amalandira malipiro. Udindo wake ndi kukonza ndondomeko ya chuma ya chaka, kuonetsetsa kuti chopereka ndi chakhumi zawerengedwa ndi kukasungidwa kubanki, kulipira antchito, kusunga malisiti, kusamala nyumba ndi galimoto za mpingo, kulipira inshuwalansi komanso kutsata malamulo a misonkho ndi a ntchito. Pa zonsezi iye amapereka lipoti kwa m'busa wamkulu ndi ku komiti ya zachuma.

Mbiri ya udindowu

Ngakhale satifiketi ndi chinthu cha masiku ano, udindowu ndi wakale kwambiri. Buku la Machitidwe a Atumwi, chaputala 6, limafotokoza za amuna asanu ndi awiri omwe anasankhidwa ku Yerusalemu kuti aziyang'anira kagawidwe ka thandizo, potsatira madandaulo oti amayi amasiye ena ankaiwalidwa. M'chaka cha 451, msonkhano waukulu wa maepiskopi womwe unachitikira ku Chalcedon unalamula kuti mpingo uliwonse wokhala ndi episkopi ukhale ndi kapitawo woyendetsa chuma, kuti katundu wa mpingo asayendetsedwe popanda mboni.

Ku America, ntchitoyi inakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pomwe mipingo inachuluka anthu ndi kumanga matchalitchi aakulu, sukulu za mkaka ndi maholo. M'chaka cha 1956, anthu ogwira ntchitoyi ochokera m'mipingo yosiyanasiyana anakhazikitsa bungwe la National Association of Church Business Administration, mwachidule NACBA, lomwe kwa zaka zambiri likulu lake linali ku Richardson m'chigawo cha Texas. Bungweli pambuyo pake linasintha dzina n'kukhala The Church Network. Satifiketi yake poyamba inkatchedwa Fellow in Church Business Administration, koma kenako inapatsidwa dzina loti Certified Church Administrator, mwachidule CCA. Mipingo ina, monga wa United Methodist, inakonzanso ndondomeko yakeyake yovomerezera oyendetsa chuma, yomwe imaonjezera malamulo ndi miyambo ya mpingowo.

Momwe satifiketi imapezekera

Njira yomwe bungwe la NACBA linakhazikitsa ili ndi mbali zinayi. Poyamba, wofuna satifiketi ayenera kukhala atagwirapo kale ntchitoyi mumpingo, chifukwa chikalatachi si cha ongoyamba kumene. Chachiwiri, amachita maphunziro apadera, omwe kwa zaka zambiri ankachitikira m'sukulu za ubusa monga Candler School of Theology ya pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, Southwestern Baptist Theological Seminary ku Fort Worth ndi sukulu ya Union ya mpingo wa Presbyterian ku Richmond. Chachitatu, amasankha vuto lenileni la mumpingo mwake, n'kulifufuza, kulikonza ndi kulemba lipoti la zomwe wapeza. Chachinayi, akalandira satifiketi amayenera kupitiriza kuphunzira kuti isathe mphamvu.

Maphunzirowa amakhudza kayendetsedwe ka ndalama, kasamalidwe ka antchito, malamulo ndi misonkho, kusamala nyumba ndi malo, kugwiritsa ntchito makompyuta posunga mabuku, ndi kukonza mapulani a m'tsogolo. Chomwe chimawasiyanitsa ndi maphunziro a zamalonda n'chakuti amaphatikizapo chiphunzitso cha ukapitawo, chomwe chimati chuma cha mpingo si cha m'busa kapena cha komiti, koma n'chosungitsidwa. Kampani imayesa kupambana kwake ndi phindu, pomwe mpingo umafunsa ngati ndalama yagwira ntchito yomwe woperekayo anaiperekera.

Chifukwa chomwe nkhaniyi ilili yaikulu

Malamulo a misonkho a dziko la America amamasula mipingo ku msonkho wa phindu, monganso mabungwe ena othandiza anthu. Koma pomwe mabungwe enawo amakakamizidwa kupereka lipoti la chuma la chaka ndi chaka ku bungwe lotolera misonkho la IRS kudzera pa fomu yotchedwa 990, mipingo siikakamizidwa kutero. Izi zikutanthauza kuti chitetezo cha chopereka chimadalira kwambiri dongosolo la mkati mwa mpingo weniweniwo, ndi luso la anthu omwe asungitsidwa makiyi.

Dongosololi likasowa, zotsatira zake zimaoneka. M'chaka cha 1989, mlaliki wa pa wailesi ya kanema Jim Bakker, yemwe ankatsogolera bungwe la PTL, anapezeka wolakwa pa milandu ya chinyengo yokhudza ndalama za omutsatira, ndipo anaikidwa m'ndende. M'chaka cha 2006, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Villanova, Robert West ndi Charles Zech, anachita kafukufuku pakati pa madayosizi a mpingo wa Katolika ku America. Mwa madayosizi omwe anayankha, 85 mwa 100 aliwonse anati anapezapo kubedwa kwa ndalama za mpingo m'zaka zisanu zapambuyo, ndipo 11 mwa 100 aliwonse anati ndalama zobedwazo zinaposa madola 500,000.

Vuto lalikulu lomwe aphunzitsi a ntchitoyi amatchula ndi chizolowezi chokhulupirirana mopitirira muyezo. Mumpingo, kufunsa mkulu wolemekezeka kuti aonetse malisiti kumaoneka ngati mwano kapena kusowa chikondi, motero munthu mmodzi amatha kuwerenga chopereka, kukachisunga kubanki, kulemba macheke ndi kulembanso mabuku kwa zaka zambiri popanda womuyang'ana. N'chifukwa chake maphunziro a satifiketi amatsindika njira zodziwika bwino: anthu awiri osakhala pachibale aziwerengera limodzi chopereka, wolemba cheke asakhale yemwe akusainira, malipoti a kubanki aziwunikidwa ndi munthu wina, ndipo mabuku aziyenderedwa ndi akatswiri a kunja kwa mpingo. Njirazi zimatetezanso munthu wokhulupirika ku mphekesera, popeza amakhala ndi mboni pa ndalama iliyonse yomwe yadutsa m'manja mwake.

Mu mpingo wa Katolika

Mpingo wa Katolika uli ndi malamulo ake pa nkhaniyi, omwe amagwira ntchito m'madayosizi a m'maiko onse, kuphatikizapo a kummwera ndi pakati pa Africa. Buku la malamulo a mpingowu la m'chaka cha 1983, pa ndime 492, limalamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi khonsolo ya zachuma ya anthu osachepera atatu odziwa zachuma ndi malamulo a dziko, ndipo achibale apafupi a episkopi saloledwa kukhalamo. Ndime 494 imati episkopi asankhe woyendetsa chuma waluso ndi wodziwika ndi kukhulupirika, yemwe amagwira ntchito kwa zaka zisanu ndipo atha kusankhidwanso. Ndime 537 imafuna khonsolo ya zachuma m'parishi iliyonse.

Malamulowa amafuna luso koma satchula satifiketi yeniyeni, ndipo mpatawu ndi womwe sukulu zina zinayamba kudzaza. Yunivesite ya Villanova inakhazikitsa digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka mpingo, pomwe m'chaka cha 2005 akhristu eniake odziwa zamalonda anayambitsa bungwe la National Leadership Roundtable on Church Management lolangiza maepiskopi. Ku Vatican, Papa Francis anakhazikitsa ofesi yapadera yoyang'anira zachuma m'chaka cha 2014.

Malire a satifiketi

Satifiketi imatsimikiza kuti munthu waphunzira, koma siitsimikiza kuti mpingo wonse ukuyenda bwino. Woyendetsa chuma ndi wantchito, ndipo ngati m'busa kapena komiti ikana kuyenderedwa mabuku, chikalata chake sichingawakakamize. Pa chifukwa ichi, pali njira ina yomwe imayesa bungwe lonse m'malo mwa munthu mmodzi. Bungwe la Evangelical Council for Financial Accountability, lomwe linakhazikitsidwa ku America m'chaka cha 1979, limavomereza mipingo ndi mabungwe achikhristu omwe akutsata mfundo zake zisanu ndi ziwiri, monga kukhala ndi komiti yoima payokha ndi kuonetsa malipoti a chuma kwa owafuna. Satifiketi ya CCA siilowanso m'malo mwa chiphaso cha katswiri wowerengera ndalama, yemwe amavomerezedwa motsata malamulo a dziko.

Nkhaniyi m'chigawo chino

Kummwera kwa Africa, mipingo imasunga chuma choposa chopereka cha Lamulungu, popeza ili ndi zipatala ndi sukulu zambiri. Zipatala za mipingo ku Malawi zili pansi pa bungwe la CHAM, pomwe ku Zambia zili pansi pa CHAZ, ndipo zimalandira thandizo la boma ndi la mabungwe akunja lomwe limafuna malipoti omveka. Ku South Africa, bungwe la CRL Rights Commission linaitanitsa atsogoleri a zipembedzo kuti aonetse mabuku awo a chuma, ndipo lipoti lake la m'chaka cha 2017, lokhudza kusandutsa chipembedzo malonda, linapempha kuti atsogoleriwo azilembetsedwa ndi kuyang'aniridwa kudzera m'mabungwe a zipembedzo zawo. Mipingo yambiri inatsutsa ganizoli ponena kuti likuphwanya ufulu wa chipembedzo.

Zambiri zomwe zimaphunzitsidwa m'satifiketi za ku America, makamaka za misonkho, n'zogwirizana ndi malamulo a dzikolo, motero wogwira ntchitoyi kwina ayenera kudziwanso malamulo a kwawo. Ku Malawi, akatswiri owerengera ndalama ali pansi pa bungwe la ICAM, ku Zambia ZICA, ndipo ku South Africa limodzi mwa mabungwe otere ndi SAICA. Koma njira zowerengera chopereka anthu awiri, kusiyanitsa wolemba ndi wosainira, ndi kuwerenga lipoti la chuma pamaso pa akhristu, zimatheka mumpingo wa anthu zikwi zisanu chimodzimodzi ndi wa anthu makumi asanu.