Kolona sanachite kutsika kumwamba

Mwezi wa Okutobala ukafika, Akatolika a m'maparishi a Nambuma, Mtengowanthenga ndi Mpherere amamvanso nkhani yakuti Maria Virigo anachita kupereka Kolona m'manja mwa Dominiko Woyera. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma zolembedwa zakale siziikira kumbuyo. Dominiko anamwalira mu 1221, ndipo amene analemba za moyo wake m'masiku amenewo sanatchulepo za mphatsoyi. Anaifalitsa ndi wansembe wa chipani chake, Alanus de Rupe, cha m'ma 1470. Chodziwika n'chakuti anthu wamba a ku Ulaya, osadziwa kuwerenga, polephera kuimba Masalimo 150 monga amonke, ankanena Atate Athu ka 150, akumawerengera pa mfundo za chingwe kapena pa mikanda. Tikuoneni Maria analowa m'malomo pang'onopang'ono. Papa Pius V anakhazikitsa ndondomeko ya Kolona mu 1569, chikondwerero chake cha pa 7 Okutobala chinatsatira nkhondo ya ku Lepanto ya mu 1571, ndipo Papa Leo XIII anapatula mwezi wonsewu mu 1883. Apapa anasindikiza chimene anthu wamba anali atayamba kale.

Ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi pempheroli linafika mochedwa. Amishoni a Dutch Reformed anali atakhazikika kale ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, pamene Azibambo Oyera anatsegula Mua mu 1902 ndi Likuni mu 1903. Chimene chinalimbitsa Kolona kuno, m'kuona kwanga, ndi kusowa kwa ansembe. Parishi imodzi inkakhala ndi nthambi zambiri zomwazikana m'zitunda, mvula ikagwa njira zinkaduka, Misa n'kumachitika mwa apo ndi apo. Pemphero losafuna buku kapena wansembe ndilo linkasonkhanitsa anthu. Legio ya Maria, imene Edel Quinn wa ku Ireland anaifalitsa mu Nyasaland cha m'ma 1940, inaliika pamtima pa misonkhano yake. Sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, m'nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe, italimbikitsa miphakati, Kolona anapeza malo pakhonde ndi pansi pa mtengo.

Mliri wa mu 2020 unayesa zonsezi. M'mwezi wa Malichi boma linaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100, ndipo pa 25 Epulo Papa Francis analembera akhristu onse kalata yowapempha kuti m'mwezi wa Meyi apemphere Kolona m'nyumba zawo. Apa mpamene panaonekera poperewera. Kwa zaka zambiri pempheroli linasiyidwira amayi achikulire a Legio, abambo ndi achinyamata akungoyankhira kumbuyo, kotero kuti m'mabanja mopanda agogo otsogolera anthu anadalira Radio Maria. Mikanda ili ponseponse, m'khosi ndi pa galasi la minibasi, mwina ngati chithumwa, koma odziwa misteri yake ndi ochepa.

Abale a mipingo ina, amene ndi ochuluka m'maboma awiriwa, amati kubwereza mawu ka 50 ndi kuchulutsa mawu kumene Mateyu 6:7 amaletsa. Mfundoyi si yoipeputsa, pakuti Kolona wonena mothamanga, mtima uli kumunda wa fodya, akugwera m'mlandu womwewo. Koma kubwerezako cholinga chake n'kukhazika mtima pansi kuti munthu asinkhesinkhe za moyo wa Yesu, kuyambira kubadwa mpaka kuuka kwake, monga momwe nyimbo ya pamtondo imathandizira manja kusinja osataya kugunda. Cholakwika ndi kaphunzitsidwe kongoloweza mawu. Papa John Paul II, amene anayendera Malawi mu Meyi 1989, anaona vuto lomweli pamene mu Okutobala 2002 anawonjezera misteri isanu ya kuwala, yokamba za ubatizo wa Yesu, ukwati wa ku Kana, kulalika Ufumu, kusandulika paphiri ndi Ukaristia. Mabuku a mapemphero osindikizidwa chisanafike chaka chimenecho ali ndi misteri 15 yokha, ndipo mphakati umene ukudalirabe buku lotere sudzaipeza isanuyo popanda katekisiti woiphunzitsa.