Zuze, Yosefe ndi Joseph: Dzina Limodzi m'Dziko la Ansenga

M'kaundula wa sukulu za ku Petauke ndi ku Nyimba mumapezeka maina atatu amene aphunzitsi ambiri amawayesa osiyana: Zuze, Yosefe ndi Joseph. Koma onsewa ndi dzina limodzi la Cihebri, limene Rakele anacha mwana wace popempha kuti Mulungu amuonjezere mwana wina. Linalowa m'dziko la Ansenga katatu, pa njira zitatu, ndipo pa ulendo uli wonse linabvala cobvala cina.

Loyamba kufika linali Zuze, ndipo silinadze ndi Buku ai. Linakwera ndi mtsinje wa Luangwa kucokera ku Zumbo, mudzi wa malonda umene Apwitikizi anausiya mu 1836 naubwerera mu 1862. Dzina lao lakuti José linali lobvuta pa lilime la anthu a m'Zambezi, ndipo analipinda likhale Zuze, monga anapindanso João kukhala Juwawo. Amene analifalitsa ndiwo Acikunda, asilikari ndi osaka njobvu a eni mapurazi. Akuru awiri a nkhondo amene anaopsa cigwa conse m'zaka za m'ma 1880 anali a dzina lomweli: José do Rosário Andrade, wochedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya, amene anthu ace anafunkha midzi ya Ansenga kufuna minyanga ndi akapolo. Ncinthu codabwitsa ndithu kuti dzina la mnyamata wogulitsidwa ndi abale ace ku ukapolo linayamba kumveka m'dziko lino pakamwa pa ogulitsa anthu. Komabe dzina silisenza mlandu wa mwini wace. Acikunda anakwatira m'midzi, nabala ana, ndipo Zuze linakhazikika kum'mwera, kufupi ndi Luangwa ndi malire a Mozambique, koposa kumpoto.

Yosefe linadza ndi sukulu. Mishoni ya Dachi inatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr, kufupi ndi Nyimba, mu 1914. Ansembe a White Fathers anamanga Minga mu 1923. Mipingo iwiriyi inakonda dzinali, koma siinali kunena munthu mmodzi. Wa Dachi, pomva Yosefe, anakumbukira mwana wa Yakobo, malaya ace, dzenje, ndende ndi nkhokwe za ku Aigupto, nkhani imene inafika m'manja mwa ambiri pamene Buku Lopatulika lathunthu linaturuka mu 1922. Anthu odziwa njala, ndi odziwa kuti mbale angathe kugulitsa mbale, sanafune wowamasulira nkhaniyo. Mkatolika anakumbukira mmisiri wa ku Nazarete, mwamuna wa Maria, amene Papa Pius IX anamuika mu 1870 akhale nkhoswe ya Eklezia yense, ndipo tsiku lace ndi 19 March.

Kwa Akatolika panalinso lamulo. Malamulo a Eklezia a 1917 anati wobatizidwa alandire dzina la Cikristu. Makolo akakana, wansembe aonjezepo dzina la woyera mtima, nalembe onse awiri m'buku. Motero m'midzi yozungulira Minga kucuruka kwa maina onga Yosefe, Petulo ndi Paulo sikunacokere ku kufuna kwa makolo kokha. Mnyamata anakhala ndi maina awiri, la kumudzi limene ambuye ace anamuitana nalo ndi la ubatizo limene linali la m'kalasi ndi la pa Sabata. Aphunzitsi ena anapyola pamenepo, nasintha dzina la mwana tsiku loyamba la sukulu osafunsa amalume ace. Pakati pa Ansenga, amene mbumba iri m'manja mwa amalume, ici cinali cipongwe cacikuru, cinkana aphunzitsiwo anaciyesa nchito yabwino.

Joseph, m'machulidwe a Cingerezi, ndi dzina la msonkho ndi la citupa. Amuna a ku Petauke anaoloka pa Feira kunka ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena nalunjika ku migodi ya mkuwa. Kalaliki wa kampani analemba cimene khutu lace linazolowera, ndipo Yosefe amene anacoka kwao anabwera ali Joseph, ndi njinga ndi jekete. Ana obadwa m'komboni anapatsidwa dzinali monga liriri. Mu 1955 Papa Pius XII anaika 1 May likhale tsiku la Yosefe Wanchito, nthawi yomwe mabungwe a anchito a ku migodi anali ndi mphamvu. Amwenye a masitolo a ku Fort Jameson, ambiri a iwo Asilamu, anali nalo dzina lomwelo m'maonekedwe ena, Yusuf, koma ilo linakhala m'mabanja ao.

Ufulu utadza mu 1964 mphepo inatembenuka. Makolo ophunzira anayamba kunyadira maina a cinenero cao, Dalitso, Cisomo, Cikondi, amene ali a Cikristu m'tanthauzo osakhala a m'Buku. Ndipo mu 1983 lamulo la Eklezia linafewa, longoletsa dzina lotsutsana ndi Cikristu. Pambuyo pace mipingo ya Cipentekoste inadza ndi maina ace a Cingerezi, Blessing ndi Gift. Yosefe lakhala dzina la madoda, Joseph likalipobe m'makalasi.

Zuze linapulumuka mwa njira yina. Pamene Boma ndi sukulu zinafuna kuti munthu ali yense akhale ndi dzina laciwiri, ambiri analemba dzina la atate ao m'malo mwa mfunda monga Mwanza, Tembo kapena Lungu, ndipo Zuze linasanduka dzina la banja. Ncifukwa cace mphunzitsi angakomane ndi mnyamata amene dzina lace loyamba ndi Joseph ndi laciwiri Zuze, wochedwa Yosefe kawiri, kamodzi m'Cingerezi ndi kamodzi m'Cipwitikizi ca ku Zumbo.