Mudzi wa Gourna: Mbiri ya Mmisiri Amene Anakhulupirira Dothi

Kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Nile, moyang'anizana ndi mzinda wa Luxor m'dziko la Egypt, kunali mudzi wotchedwa Gourna, umene anthu ake okwana ngati 7,000 anamanga nyumba zawo paphiri, pamwamba penipeni pa manda a nduna ndi akuluakulu a m'masiku a mafarao. Popeza boma linkadandaula kuti chuma cha m'mandamo chikubedwa ndi kugulitsidwa kwa alendo, linagamula kuti mudzi wonse usamukire kuchigwa, ndipo m'chaka cha 1945 linapereka ntchito yomanga mudzi watsopano m'manja mwa Hassan Fathy, katswiri wolemba mapulani a nyumba, wobadwira ku Alexandria m'chaka cha 1900.

Bamboyu anali atayamba kale kukayikira nzeru ya anzake, amene ankayesa kuti nyumba yolemekezeka ndi ya simenti ndi zitsulo basi. Pakuti iye ankaona kuti mlimi wosauka sangathe kugula zimenezo ngakhale atalima moyo wake wonse, pamene dothi, limene makolo ake anaumbira njerwa zosakaniza ndi udzu kuyambira masiku amene Buku la Eksodo limasimba, lili pansi pa mapazi ake kwaulere. Vuto linali denga. Khoma la zidina aliyense amamanga, koma phaso limafuna mitengo, ndipo mitengo ndi zitsulo zinasowa kwambiri pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Atayesa kufolera ndi njerwa zokhazokha denga linagwa, ndipo iye, posafuna kutaya mtima, anapita ku Aswan kukaphunzira kwa amisiri a mtundu wa Nubia, amene lusoli anali nalobe.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Ankayamba amanga khoma la kumapeto kwa chipinda motalikirapo, n'kujambulapo ndi matope mzere wokhota ngati uta; kenaka ankamata njerwa zopepuka, zochuluka udzu, zimene woumba anazikanda mizere ndi zala zisanaume kuti matope agwire bwino, ndipo mzere uliwonse wa njerwa unkatsamira pa unzake mopendekeka, kufikira denga lonse litatsekeka popanda mtanda, nsanamira kapena thabwa lochirikiza. Makoma ochindikala oterewa amachedwa kulowetsa kutentha kwa masana ndipo amakutulutsa usiku, kotero kuti m'nyumba mumazizira pamene kunja dzuwa likuswa mtengo.

Ntchito ya mudziwo itayamba, Fathy sanafune kundandalika nyumba zofanana monga za pamsasa wa antchito, koma anayesetsa kuti banja lililonse likhale ndi nyumba yolingana ndi kukula kwake, ndiponso kuti abale a fuko limodzi azungulire bwalo lawolawo. Anamanga mzikiti, msika, bwalo la zisudzo ndi masukulu, naphunzitsa anyamata kuumba ndi kumanga, poyembekezera kuti eni mudzi adzapitiriza okha iye atachoka.

Komatu mutu umodzi susenza denga. Anthu a ku Gourna sanapemphe kusamuka, ndipo amene anawakonzera nyumba zokomazo sanathe kuwayankha funso limene linali pamtima pawo, lakuti kodi kuchigwako adzadya chiyani, popeza ambiri ankapeza chakudya kuchokera kwa alendo odzaona manda ndi kwa ofukula zakale. Enanso ankaipidwa ndi madenga obulungirawo, chifukwa kwawoko denga lotere linkadziwika pa manda a anthu olemekezeka. Tsiku lina mpanda wotchinga madzi unabooka ndipo madzi anasefukira m'mudzi watsopanowo, mwini ntchito nakhulupirira kuti anthu anachita dala. Mliri wa kolera wa 1947 unadodometsanso ntchito, akuluakulu a m'maofesi anachedwetsa ndalama, ndipo pamapeto pake kunamangidwa kagawo kochepa chabe ka nyumba zimene zinalinganizidwa.

Fathy analemba zonsezi m'buku limene linatuluka ku Cairo m'chaka cha 1969, lomwe litasindikizidwanso ku Chicago mu 1973 ndi dzina lakuti Architecture for the Poor linamutchukitsa m'maiko ambiri, kotero kuti mu 1980 analandira mphoto ya Aga Khan ndi ya Right Livelihood. Anamwalira mu 1989. Mudzi wake unadzakhala ndi anthu pambuyo pake, koma madzi a pansi atakwera ndi kuononga maziko, ambiri anagumula nyumba zadothi namanga za simenti, mpaka bungwe la UNESCO linalowererapo kuti zotsalazo zisatheretu.

Mbewu imene Fathy anafesa inakamera kwina. Ku Gando, m'dziko la Burkina Faso, Francis Kéré, katswiri wolemba mapulani a nyumba, mwana wa mudzi womwewo, anamaliza ntchito yomanga sukulu ya njerwa zadothi mu 2001, ndipo anthu a m'mudzimo, amuna ndi akazi, ndiwo anatuta miyala, kutunga madzi ndi kuimanga, chifukwa anali ataifuna okha. Mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker. Kuno kwathu, kumene mauvuni a njerwa adya nkhalango zambiri ndipo malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, nkhani ya dothi yadzukanso, ndipo ndi bwino kuti amisiri athu adziwe pamene Gourna anapunthwa. Njerwa zake zinali zabwino, ndipo mapulani ake akuphunziridwabe mpaka lero. Chimene chinasowa ndi chilolezo cha eni ake, amene anafunsidwa za maonekedwe a zipinda koma sanafunsidwe ngati akufuna kuchoka paphiri la makolo awo.