Greta Garbo: Adatuluka M'bwalo Ng'oma Zikulira

Nkhani yathu ya mbiri yakale lero tikuikamba tili m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota. Akuluakulu a kuno amene adakagwirako ntchito ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi nkhani za bayisikopo, ndipo ambiri a ife kanema tidayamba kumuona pa nsalu yoyera imene galimoto ya boma inkapachika pabwalo madzulo. Tinkawasirira anthu ooneka pa nsaluyo, tikumaganiza kuti palibe mwayi woposa umenewo. Koma lero timva za mayi wina amene mwayi wotere adaupeza wonse, kenaka n'kuusiya ali ndi zaka 36 zokha.

Dzina lake lobadwa nalo lidali Greta Lovisa Gustafsson. Adabadwa pa 18 Sepitembala 1905 mumzinda wa Stockholm m'dziko la Sweden, m'banja losauka. Bambo wake ankagwira maganyu, ndipo adamwalira m'chaka cha 1920 mtsikanayu ali ndi zaka 14. Greta adayamba ntchito yopaka sopo m'ndevu za amuna kwa ometa, kenaka adalembedwa m'sitolo yaikulu yotchedwa PUB, kumene ankagulitsa zipewa. Eni sitoloyo ataona nkhope yake adayamba kumujambula potsatsa malonda awo. M'chaka cha 1922 adapeza malo pa sukulu ya zisudzo ya Royal Dramatic Theatre, ndipo kumeneko adakumana ndi Mauritz Stiller, katswiri wokonza mafilimu. Stiller adamupatsa mbali yaikulu m'filimu ya 1924 yonena za Gösta Berling, ndipo nthawi yomweyo mtsikanayu adatenga dzina loti Garbo.

Mbiri yake idamufika Louis B. Mayer, mkulu wa kampani ya MGM ku Hollywood. Mu Julayi 1925 Garbo ndi Stiller adatsika sitima ya pamadzi ku New York, Garbo asakudziwa Chingerezi. Izi sizidavute poyamba, pakuti mafilimu a masiku amenewo adali opanda mawu: wosewera ankayankhula ndi maso ndi nkhope basi. Apa ndi pamene padagona luso lake. Anzake ankatambasula manja ndi kutong'ola maso kuti oonera amvetse, koma iye ankangosuntha pang'ono chikope, anthu m'holo yonse n'kumva chisoni cha mumtima mwake. Filimu ya Flesh and the Devil ya 1926, imene adasewera ndi John Gilbert, idamutchukitsa kwambiri kotero kuti atanyanyala ntchito pofuna malipiro oyenera, kampani ija idagonja.

Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. M'chaka chomwecho cha 1926 mkulu wake Alva adamwalira ku Sweden, ndipo Garbo sadathe kukakhala nawo pa maliro chifukwa cha ntchito. Inu omvera mukudziwa kulemera kwake kwa kulephera kukaika m'bale wako. Naye Stiller, amene adamutsegulira njira, sadamvane ndi akuluakulu a MGM. Adabwerera kwawo, nakamwalira m'chaka cha 1928. Garbo adatsala yekha kudziko lachilendo. Adaleka kucheza ndi atolankhani, makalata a omukonda sankayankha, ndipo ku miyambo yoonetsa mafilimu ake koyamba sankapitako. Chodabwitsa n'chakuti kubisalako kudangowonjezera chidwi cha anthu.

Pamene mafilimu adayamba kukhala ndi mawu, akatswiri ambiri adagwa chifukwa mawu awo sadakomere anthu. Garbo adapambana mayeso amenewa mu Anna Christie m'chaka cha 1930. Padatsatira Grand Hotel mu 1932, Anna Karenina mu 1935, Camille mu 1936 ndi Ninotchka mu 1939. Pakati pa zimenezi, mu 1933, adasewera ngati Mfumukazi Christina ya dziko lakwawo, imene m'chaka cha 1654 idatula pansi ufumu mwa kufuna kwake n'kupita kukakhala ku Rome. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu, wosewerayo adatsata mapazi a mfumukaziyo.

Tisaganize kuti adangodzuka tsiku limodzi n'kunena kuti basi. Ndalama zambiri za mafilimu ake zinkachokera ku Ulaya, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, msika umenewo udatsekeka. Kampani ija idayesa kumusandutsa wanthabwala wokomera Amereka m'filimu ya Two-Faced Woman ya 1941, koma olemba nyuzipepala adainyoza ndipo bungwe lina la Akatolika lidaidzudzula kuti ikunyazitsa ukwati. Garbo adaganiza zoyamba wapuma mpaka nkhondo itatha. Mu 1949 adavomera kusewera m'filimu ina, najambulidwa moyeserera, koma ndalama zopangira filimuyo sizidapezeke. Kuyambira pamenepo, onse amene adabwera kudzamunyengerera adabwerera chimanjamanja.

Msodzi wa pa Chia akaona mwera ukulimba, amakokera bwato lake kumtunda kudikira bata. Ena bata likabwera amabwereranso pamadzi, koma alipo amene amapeza kuti kumtunda nakonso kuli moyo, naleka ukonde osadandaula. Garbo adali wa mtundu wachiwiriwu. Mu 1951 adakhala nzika ya dziko la America, ndipo mu 1953 adagula nyumba mumzinda wa New York, yoyang'ana mtsinje wa East River, mmene adakhalamo mpaka imfa yake. Chuma chake adachisunga mwanzeru kotero kuti sadapemphe kanthu kwa munthu. Ankagula zithunzi zojambula pamanja, ankayenda maulendo ndi abwenzi ake ochepa, ndipo masiku ambiri ankayenda wapansi mitunda italiitali m'misewu ya mzindawo atavala magalasi akuda. Pofuna kuti asadziwike m'mahotela ankalembetsa dzina loti Harriet Brown. Mu 1955 adamupatsa mphoto yaulemu ya Oscar, koma sadapite kukalandira. Sadakwatiwe ndipo sadabereke mwana.

Dziko silidamusiye. Ojambula zithunzi ankamubisalira pa ngodya za misewu kufikira atakalamba, kuti akagulitse nkhope ya gogo amene sadawalakwire kanthu. Anthu ankati mayiyu amadana ndi anthu, potengera mawu ena amene adayankhula m'filimu ya Grand Hotel. Iye adalongosola kuti sadapemphe kukhala yekhayekha ayi, koma kuti anthu amuleke akhale mwamtendere, ndipo adati ziwirizi n'zosiyana.

Greta Garbo adamwalira ku New York pa 15 Epulo 1990 ali ndi zaka 84, atakhala zaka pafupifupi 50 osaonekanso pa kanema watsopano. Mu 1999 phulusa la thupi lake lidakaikidwa m'manda a Skogskyrkogården ku Stockholm, ndipo mu 2016 dziko la Sweden lidaika nkhope yake pa ndalama ya pepala ya makrona 100. Mwana wa waganyu uja adabwerera kwawo ndi ulemu.

Funso limene mbiri imeneyi ikutisiyira likukhudza ifenso. Tili nawo oyimba, a zisudzo ndi osewera mpira amene adatisangalatsa kale, lero adabwerera kumudzi kukalima mpunga kapena kusoka maukonde. Tikakumana nawo pamsika timafulumira kunong'onezana kuti adatha, ngati kuti munthu amene watisangalatsa tsiku limodzi ali nafe ngongole ya moyo wake wonse. Wovina akatuluka m'bwalo mwa kufuna kwake, gule amene adativinira amakhalabe wathu, ndipo masiku ake otsala ndi ake. Tiwapatse moni waulemu, tiwaleke apite ndi ulendo wawo.